Mamilimita Awiri

Ku Tartu mu Disembala dzuwa limaweruka msanga kuposa ife.
Ikamati folo koloko, mtsinje wa Emajõgi wada kale bii,
ine ndikadali m'chipinda chapansi, cha mafiliji,
momwe anthu zikwizikwi agona m'timabotolo,
aliyense kadontho kake ka magazi ndi nambala.
Muno mulibe maina. Wansembe ndi wogulitsa nsomba
agundana mapewa, ndipo sakangana.

Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuwafunsa:
bwanji wina amatalika mpaka kuwerama polowa pakhomo,
wina shuga amamupeza asanamere imvi,
wina mtima umangoima, osatsanzika?

Ndili mtsikana ndinkayesa ndidzapeza chilembo chimodzi
m'buku lalitali lija lolembedwa m'maselo athu,
ndidzachiloza pa kompyuta n'kunena kuti wakuba uja ndi uyu.
Ayi ndithu. Ndi chikhamu.
Zilembo mazanamazana, chilichonse chikutapa pang'ono,
ichi kambewu ka mchere, icho theka la kambewu,
palibe choti n'kuchigwira pakhosi.

Sabata yatha tinapeza china.
Tinagula keke, Kaarel anatsegula botolo,
chifukwa chilembo chimenechi, ukabadwa nacho,
chimakuwonjezera msinkhu ndi mamilimita awiri.
Awiri basi. Sokosi yaubweya imaposa pamenepo.
Koma m'manja tinaomba.

Bambo anga, a Endel, m'mafilijimu mulibe.
Anagwa pa madzi oundana a nyanja ya Peipsi
ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri,
chingwe cha mbedza chili m'manja, nsomba itadya kale nyambo.
Anzawo anawakokera kumtunda pa chileyi.
Palibe anawatenga magazi.
Buku lawo anapita nalo losawerengedwa,
ine anangondisiyira theka,
nalonso losakanikirana ndi la amayi, masamba opanda manambala.

Lamlungu lililonse mchimwene wanga Ahto amaimba foni.
"Ülle, wapeza? Kodi nanenso ndidzagwa choncho?"
Ndimamva machesi akukhwatchidwa kumbali yakeko.
Ndimamuuza za amuna zana onga iye,
kuti mwina khumi ndi awiri mtima udzawavuta.
"Nanga ine ndili mwa khumi ndi awiriwo?"
Apo makina anga onse amangoti zii.
Za chigulu ndimazidziwa ndithu;
za munthu mmodzi, wa dzina lake ndi chifuwa chake,
ndine mbuli ngati iye yemwe.
"Zimitsa fodyayo," ndimatero.
Amaseka mpaka kutsokomola:
"Sukulu yonse ija, kuti uzindiuza zomwe amayi ankanena ulere?"

Kanga kabotolo kalinso muno.
Ndinasaina pepala ngati wina aliyense, ndinapereka mkono.
Shelefu yake sindiidziwa, ndipo lamulo silindilola kuidziwa.
Mwina ndakadutsa kambirimbiri, nditavala magolovesi,
mwina ndine kadontho kena pa chithunzi chomwe ndinaonetsa kumsonkhano,
kotalikirana ndi mzere, komwe wina anafunsa ngati sikolakwika.

Ndimazimitsa magetsi. Mafiliji amapitiriza kung'ung'udza.
Panja chipale chofewa chakwirira njinga yanga,
ndiye ndimayenda wapansi, kuwoloka mlatho.

Kunyumba Liisu akundidikira, wavula kale nsapato,
msana wautsamiritsa pa felemu ya chitseko cha kukhitchini.
Lero wakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi.
Akundipatsa pensulo ndi dzanja lamanzere,
chala chaching'ono chitapindika ngati cha agogo ake
amene sanawaonepo.
"Musabere, amayi."
Ndikuika buku pamutu pake, ndikulemba mzere
pamwamba pa wa chaka chatha.
Pensulo ndi yobuntha.
Mzere wokhawo kunenepa kwake ndi mamilimita awiri,
ndipo mwanayo akufuna kudziwa
ngati tiwerenge kuyambira pansi pake kapena pamwamba.